Ali M'njira

3 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti mayi a ana akudandaula msana monga mwa masiku onse. Bambo ali bwanji? Mundiuze zoona, osati zija mumanena pafoni iwo ali pambali panu akumvetsera.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale. Masiku ano foni ndi mdani. Sabata yatha mkulu wina wa chipani anajambulidwa mawu akunyoza Mdala, mtsogoleri wathu, ndipo pofika madzulo mawuwo anali m'foni ya aliyense, ngakhale ya mayi wogulitsa nthochi pageti la ofesi. Mkuluyo lero ali kunyumba, akuthirira maluwa. Choncho abwana atilamula kuti za chipani zisamayende pafoni. Makalata anga muzilandira kwa kondakitala wa basi ya m'mawa, anu muzimupatsa yemweyo. Kuwerenga kumamuvuta, ndiye ndi munthu wodalirika.

Nkhani ndi iyi. Mwamva kale kuti Mdala wavomera kutula pansi utsogoleri wa chipani, ndipo msonkhano waukulu wosankha wolowa m'malo mwake uliko pa 11 Julayi. Opikisana ndi awiri: abwana anga, amene kumeneko mumawatcha Chipewa, ndi Loya uja analowa chipani dzana lomweli atanyamula chikwama. Abwana akhala mlembi wamkulu zaka zonsezi. Pamene chipani chinalibe ndi njinga yomwe, ndine ndinkawayendetsa pa kagalimoto kolira mochita kukankha, tikugona m'makalasi. Loya nthawi imeneyo anali kuti? Lero akugawa mipira ndi matisheti, anthu n'kumamuombera m'manja ngati anakula naye.

Mdala sakunena amene akumufuna. Lolemba adya ndi abwana, Lachiwiri ajambulitsa ndi Loya. Akufuna onse awiri azimugwadira mpaka tsiku lomaliza.

Ovota pamsonkhanowu si anthu wamba koma nthumwi, ndipo mukudziwa bwino kuti nthumwi makumi awiri za dera lathu zimayang'ana kumene mwayang'ana inu. Wapampando wa dera ndi dzina chabe. Amayi ndi achinyamata amamvera inu, wapampando wa amayi. Tsiku lina tili m'galimoto abwana anandifunsa kuti, "Kodi telala uja ndi mchemwali wako weniweni?" Nditavomera anati basi, za kwanu ndigona nazo tulo. Achemwali, chiyambire ntchito munthu ameneyu anali asanandifunsepo za m'bale wanga aliyense. Musandichititse manyazi. Akapambana ndikhala dalaivala wa mtsogoleri. Akagwa ndigwa nawo, ndipo ana atatuwa ndibwera nawo kumeneko muzidzawasokera mayunifolomu.

Ndine mlongo wanu,
Mapazi
(dzina lanu lija, poti lenileni munaliiwala kalekale)


11 Juni

Mapazi,

Kalata yako ndalandira, ikununkha mafuta a basi. Tonse tili bwino kupatula amene ukuwadziwa. Bambo wawapatsa mizere iwiri, Chipewa wamupatsa tsamba lonse, koma poti wafunsa ndikuyankha.

Bambo sali bwino. Chotupa chija adokotala ati sangachichitenso opaleshoni, tizingowapatsa mankhwala opha ululu. Akudya ngati mbalame. Mathalauza awo ndabweza kawiri, mpaka matumba akumbuyo akumana. Pakamwa pokha ndiye sipanadwale. Amakhala pakhonde ndi mawailesi akufa a anthu, zala zikunjenjemera, osavomera kuti ntchito inawakanika. Ine ndimagona pansi pakhomo la chipinda chawo, chifukwa ululu ukawagwira safuna munthu wina, ngakhale alamu ako. Amati manja a munthu wowotcherera zitsulo ndi okhakhala ngati msasa. Anandilumbiritsa kuti tsiku lawo likadzafika ndidzakhale pomwepo, asadzatsekedwe maso ndi mlendo. Ndinalumbira. Ndikukuuza zimenezi kuti udziwe kulemera kwa chimene ukupempha.

Anthu a Loya anafika kale, usadzione ngati ndiwe woyamba. Anabwera kushopu Lachisanu, amayi awiri onunkhira, a zikhadabo zazitali, ndi bambo wina wamagalasi amene sanatsike m'galimoto. Anaimika pomwe amayi a tomato amayala malonda. Anayamikira masokedwe anga asanaone n'komwe chimene ndinali kusoka. Akuti Loya akapambana, nsalu zonse za chipani m'chigawo chino ndizisoka ine, ndi makina amagetsi adzandigulira. Ndinawapatsa mpando, ndinawamvetsera, ndinawaperekeza. Mmodzi chidendene cha nsapato chinamukanirira m'ngalande, msika wonse unapeza chosekera tsiku limenelo.

Sindinawalonjeze kanthu, koma nawenso sindinakulonjeze. Chipewa wakoyo ndimamudziwa. Anabwera kuno chaka cha chisankho, ine ndikuyambitsa nyimbo, amayi akuvomera, mpaka tonse mawu anasasa. Anatilonjeza denga la msika. Denga lakelo mpaka lero ndi thambo. Ukuti wafunsa ngati ndine mchemwali wako weniweni? Ukamuuze kuti ndine ndinkakupukuta mamina.

Komabe Loya sindimukhulupirira. Munthu wokupatsa moni akuyang'ana wotchi sangakukumbukire mawa. Ndiponso iwe ndiwe mlongo wanga, chibale ndi fupa. Amayi ndiwayankhula. Koma za ine kubwera kumsonkhanoko, undiuze kaye kuti ndi masiku angati. Ngati ndi kupita, kuvota, n'kukwera basi yobwerera, ndiyesa. Kupitirira apo usandiwerengere.

Bambo akuti ndikuuze kuti mabatire unawatumizira aja ndi achinyengo ngati chipani chako. Bwera udzawaone akadali ndi mphamvu zokunyoza.

Mchemwali wako


20 Juni

Achemwali,

Moni nonse. Za bambo zandikhudza kwambiri, moti ndinawerenga kalata yanu kawiri nditakhala m'galimoto panja pa ofesi. Ndikanabwera, koma masiku ano injini siikuzizira. Ukangotha msonkhano ndidzakhala nawo sabata yathunthu. Ndatumiza mabatire ena, awa ndagula m'sitolo yeniyeni.

Tsopano za masiku. Musakwiye musanamalize kuwerenga. Nthumwi zonse za abwana zifika Lachitatu, kuvota ndi Loweruka. Adzakusungani pa malo ena ogona alendo kunja kwa mzinda, a mpanda wautali ndi geti limodzi. Mafoni onse adzasiyidwa pageti, ndipo palibe wotuluka kapena wolowa mpaka mabasi adzakutengeni kupita kuholo. Chifukwa chake mukuchidziwa. Pamsonkhano wapitawo nthumwi zinagona paliponse, anthu a mbali ina n'kuyenda chitseko ndi chitseko ndi maenvelopu. Munthu ankagona ali wathu, podzuka ali wawo. Abwana amati nthumwi ili ngati nkhuku yogula kumene, ukaimasula tsiku loyamba sugona nayo. Pepani, sakunena inu.

Loya ali ndi ndalama, ife tili ndi anthu. Anyamata ake anayesa kusintha mayina a nthumwi m'madera atatu, kufufuta athu n'kulembamo azilamu awo, koma abwana monga mlembi anakana kusaina. Panopa tikusiyana pang'ono kwambiri, moti makumi awiri anuwo ndi amene angapendeketse sikelo. Ndipo amayi anu ndimawadziwa. Inu mukapanda kukwera basi, theka silikwera, otsalawo adzafika kuno ngati ana amasiye, Loya n'kuwatola.

Za bambo, imvani lonjezo langa. Foni yanu siidzalowa m'katoni ndi enawo. Ndagwirizana kale ndi mkulu wa alonda kuti ndidzaisunga ine, m'thumba la malaya, yoyatsa usana ndi usiku. Alamu akangoimba kuti zasintha, ndidzabwera pageti ndekha, ndidzakutengani pa galimoto ya abwana, simudzadikira basi. Ulendo wake ndi theka la tsiku chabe. Ndi bambo anga nanenso, Achemwali. Mukuganiza kuti ndingakubisireni?

Masiku ano ndikuyendetsa abwana malo ena amene sindingawalembe ngakhale m'kalata. Dalaivala ali ndi makutu koma alibe pakamwa. Mungodziwa kuti abwana sagwa, zivute zitani.

Mundiyankhe msanga, akufuna kulipira mabasi.

Mapazi


29 Juni

Mapazi,

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna kukana. Kalata yokana ndinailemba ndithu, koma bambo anandiona ndikuipinda, n'kundifunsa. Nditawafotokozera anandikalipira. Ati kodi ndikufuna ndizikhala pamenepo ndikuwayang'anira mpweya ngati mphika wa mkaka? Anati, "Pita ukavote, ndikumve pawailesi. Ine sindifa sabata imeneyo, ndili ndi wailesi ya aphunzitsi yoti ndimalize."

Ndiye tibwera, onse makumi awiri. Wapampando wa dera anayamba kunena zoti Loya nayenso ndi munthu, ndinangomukumbutsa amene anamusokera suti ya ukwati wa mwana wake, anagonja. Alamu ako atseka shedi yawo yowotcherera zitsulo masiku amenewo. Ndawaphunzitsa kuyeza mankhwala ndi kuwatembenuza bambo osawapweteka, ndipo ndawauza kuti azidzola mafuta m'manja. Bambo anaseka mpaka kutsokomola.

Koma undimvetse bwino. Sindikubwerera Chipewa, ndikubwerera iwe ndi ana akowo. Kutsekeredwa ngati nkhuku ndavomera, poti wanena wekha kuti ndife nkhuku. Foniyo ndiye uisunge ngati diso lako. Ikangolira, kaya ndili mtulo, kaya ndili m'bafa, kaya ndili pamzere wovota, udzandiitane.

Mchemwali wako


Lachinayi, 9 Julayi

Alamu,

Moni. Ine kulemba sindinazolowere, mundikhululukire.

Bambo tawagoneka kuchipatala dzulo madzulo. Anayamba kusanza magazi. Adokotala anandiitanira pakhonde, anati tiitane abale. M'mawa uno ndinaimba foni ya achemwali anu, munayankha inu, munati muwauza pompo ndipo munyamuka nawo. Masana ndinaimbanso, munati ali m'njira. Ine ndinawauza bambo chimodzimodzi. Kwada tsopano, galimoto sinafike. Ndinapitanso pasiteji kuti mwina akwera basi, sanatsike. Mafoni onse awiri, yanu ndi yawo, akungoitana. Ndiye kalatayi ndimupatsa kondakitala m'mawa.

Anamwino akufuna kuwabaya jakisoni wamphamvu wa ululu, koma ndi wogonetsa. Bambo akana. Akuti mwana wanga ali m'njira, asandipeze ndili mtulo. Akuluma pilo. Chitseko cha wodi chikatseguka akudzutsa mutu. Manja anga akuwalola tsopano, sakunenanso zoti ndi okhakhala, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundiopsa.

Alamu, ngati galimoto yawonongeka panjira ndiuzeni pamene muli. Ndibwereka njinga yamoto ndidzawatenge.

Ndine mlamu wanu


Lachisanu, 10 Julayi

Mapazi,

Kapepalaka ndamupatsa mlonda wa pageti, akuti amakudziwa. Alamu ako aimba? Chibwerere sindinakuone pafupi. Dzulo ndinakuona pawindo ukupukuta galimoto, ndinakukodola mpaka mkono kuwawa, iwe maso ali pa matayala.

Kuno akutidyetsa ngati akufuna kutigulitsa. Tikugona atatu chipinda chimodzi, ine ndi amayi awiri oliza mkonono mosinthana. Masana onse ndi kuyeserera nyimbo. Andisankha kuti mawa polowa m'holo ndidzayambitse ine, akuti mawu anga amamveka opanda chimkuzamawu, koma adzandipatsabe.

Pali chimodzi chandidabwitsa. Masana ano anatiimika m'chipinda chodyera, dera lililonse pamzere wake. Chipewa analowa ndi abambo awiri a masuti, n'kuyamba kutiwerenga mmodzimmodzi, akuyang'ana makadi athu. Mmodzi wa iwo ndi wamagalasi uja anatsala m'galimoto tsiku lomwe amayi a Loya anabwera kushopu. Nkhope sindiiwala ine. Nanga munthu wa Loya akutiwerengeranji m'nyumba yomwe mwatitsekera pothawa Loya?

Koma zimenezo n'zanu. Ine mtima suli m'malo. Undiyankhe lero lomwe za bambo.

Mchemwali wako


Lachisanu madzulo

Achemwali,

Alamu ndalankhula nawo. Bambo ali monga munawasiyira. Pumulani, mawa ndi tsiku lalikulu.

Mapazi


24 Julayi

Achemwali,

Ndikhulupirira alendo apamaliro abalalika ndipo mwapumulako. Ana ali bwanji? Alamu ali bwanji? Ndaimba kangapo, palibe akuyankha, ndiye ndabwerera kwa kondakitala.

Pamaliro a bambo simunandiyang'ane. Nditagwada kuti ndikupepeseni munadzuka n'kulowa m'nyumba, anthu onse akuona. Sindikudandaula. Ndikungopempha kuti mumve mbali yanga, chifukwa alamu akuuzani zimene anaona iwo, koma zimene zinali kuno sakuzidziwa.

Abwana anadziwa kuyambira mwezi wa Juni kuti sapambana. Mdala anali atasankha kale Loya mwakachetechete, ndipo zigawo ziwiri zinali zitapita. Chimene chinatsala ndi kugwa bwino. Maulendo aja ndinkati sindingawalembe anali opita kunyumba kwa Loya. Abwana anamuuza kuti ndili ndi nthumwi mazana anayi m'manja, ukandipatsa wachiwiri kwa mtsogoleri ndikusiyira mpando popanda kuvota, ukakana ndituluka nazo chipani chigawike. Loya anati mazana anayi a pakamwa ndi osavuta, ndiwaone ndi maso. N'chifukwa chake munasungidwa, n'chifukwa chake anakuwerengani Lachisanu, ndipo anakuwerenganinso Loweruka pokwera mabasi. Mgwirizano unasainidwa inu mutakhala kale m'holo. Chiwerengero chinangokwanira ndendende.

Tsopano taganizani. Alamu anaimba Lachinayi m'mawa. Ndikanakuuzani, mukanatuluka, ndipo amayi anu sakanakusiyani mupite nokha kwa wodwala. Makumi awiri akanachoka tsiku lowerenga lisanafike. Ena akanaona geti latseguka, nawonso akanakumbukira odwala awo. Sindinabise kwa abwana, ndinawauza tili m'galimoto. Anati madokotala amakonda kuopseza, ndipo Loweruka si kutali. Ine ndikanatani? Ndibe galimoto yawo? Ndinakumbukiranso zimene munandilembera nokha, kuti bambo eni ake anati safa sabata imeneyo. Ndinawakhulupirira. Alamu ndinawauza kuti muli m'njira kuti mitima ikhale pansi, poti zoona zake munali pafupi kunyamuka, kunangotsala masiku awiri.

Ndipo mwambo utangotha sindinachedwe. Ndinakupezani pakhomo la holo, ndinakupatsani foni yanu, ndinakuuzani ndekha kuti bambo atisiya masana omwewo. Galimoto ndinapempha, koma inali pa mdipiti wa mtsogoleri watsopano. Tikiti ya basi ndinakugulirani ine.

Inenso ndataya bambo, Achemwali. Inu munakhala nawo zaka zonsezi, ine ndinkangomva mawu awo pafoni. Usiku sindikugona. Koma madzi akatayika saoleka, ndipo amoyofe tiyenera kudya. Abwana tsopano ndi wachiwiri kwa mtsogoleri, ntchito yanga yakhazikika, galimoto yatsopano yabwera mipando ikadali m'mapulasitiki. Ana anu nawonso adzapindula, muona.

Abwana akupepesa kwambiri. Nkhata ya maluwa ija inali yaikulu kuposa zonse anatumiza ndi iwo. Akuti sanaiwale zimene dera lathu linachita, moti msonkhano woyamba wothokoza anthu, iwo pamodzi ndi Loya, uchitikira kwathu komweko mwezi wamawa. Akupempha kuti musonkhanitse amayi, ndipo muyambitse nyimbo ija munayambitsa m'holo, Loya anaikonda. Nsalu zatsopano za nkhope ziwiri akuti musoke inu. Ndawauza kuti mukadali pachisoni, koma ndikulankhulani.

Mundiyankhe, ngakhale mondikalipira.

Mlongo wanu,
Mapazi


6 Ogasiti

Mapazi,

Tili moyo. Ana abwerera kusukulu, alamu ako atsegula shedi. Ine kushopu ndikupita, koma ndikumangokhala, phazi lili pa makina osapalasa.

Kalata yako ndawerenga. Walemba bwino, zikuoneka kuti kukhala ndi anthu andale kwakuphunzitsa. Aliyense ali ndi chifukwa chake, Mdala, Loya, Chipewa, madokotala okonda kuopseza, ngakhale bambo amene anakunamiza kuti safa. Ndiye wawabwezera mawu awo omwe, ngati chenje. Sindikukalipira, mphamvu zake ndilibe. Ndikuuza chimodzi chokha chimene sukuchidziwa, chifukwa alamu ako sanachinene kwa munthu aliyense pamaliro. Nanenso anandiuza patapita sabata, nditawaumiriza.

Uyambe wakumbukira mmene tinalowera m'holo muja. Dera lathu linali patsogolo, ine ndili ndi chimkuzamawu m'manja, khadi lovotera lili pakhosi. Ndinaimba ndi mtima wonse, Mapazi, chifukwa kapepala kako kanali m'thumba langa, koti bambo ali monga ndinawasiyira. Ndinkati ndiimbe mokweza andimve, poti anati adzandimvera pawailesi. Tinakhala pansi, tinadikira mabokosi. Kenako Chipewa anaimirira, n'kunena kuti chifukwa cha umodzi wasiyira mbale wake, n'kuvula chipewa chija koyamba chimuonere, n'kukumbatirana ndi Loya. Dazi lake linali kung'anima ndi thukuta. Anatiuza kuti tiombe m'manja, tinaomba. Chala changa sichinakhudze inki. Tinapita kukavota, tinakhala katundu wa pa sikelo.

Tsopano imva za kuwodi. Bambo anakana jakisoni Lachinayi, anakananso Lachisanu. Anamwino anawanyengerera, adokotala anawakalipira, iwo ayi, mwana wanga ali m'njira. Alamu ako akuti pilo anang'ambika ndi mano. Lachisanu anayamba kuwerengera okha zifukwa, kuti mwina tayala laphulika, mwina mlatho wina waduka, mwina mwana uja Mapazi wasochera poti kwawo anakuiwala. Ankaseka, kenako n'kuluma pilo. Chitseko chikalira, mutu m'mwamba.

Loweruka m'mawa anapempha kawailesi kawo kakang'ono, kaja ka waya womanga ndi mphira. Anakaika pachifuwa, ndi mabatire ako a m'sitolo yeniyeni. Anati amveko za msonkhano podikira. Wowulutsa anati nthumwi zayamba kulowa, n'kutchula dera lathu. Ndiye panamveka mawu a mayi wina akuyambitsa nyimbo yotamanda Chipewa, mokweza, mosangalala.

Bambo akonza mawailesi moyo wawo wonse. Khutu lawo silinkaphonya. Anamvetsera mpaka amayi atavomera kawiri. Kenako anayang'ana alamu ako n'kunena kuti, "Ameneyo ndi mwana wanga. Sali m'njira." Alamu ako nawonso sankadziwa kuti ine sindinauzidwe. Anangoima ndi manja awo odzola mafuta.

Bambo anazimitsa wailesi okha. Anaitana namwino, n'kumuuza kuti, "Bayani tsopano." Anagona, osadzukanso. Maso anawatseka ndi namwinoyo, mtsikana wabwino ndithu, koma dzina lake sitikulidziwa.

Ndiye ukamati madzi atayika, udziwe madzi ake. Kuti sindinawapeze amoyo, mwina tsiku lina ndikanakukhululukira, imfa siipangana ndi munthu. Koma bambo anapita akudziwa kuti ndinamva za kudwala kwawo, n'kusankha kutsala kuti ndiimbire Chipewa. Anapirira masiku awiri opanda mankhwala chifukwa cha mawu ako, ndipo anasiya kupirira chifukwa cha mawu anga. Palibe amene angapite kukawauza kuti sizinali choncho. Ndimadzuka nazo, ndimagona nazo. Ndimadana nawe, Mapazi. Ndayesa kupeza mawu ena ofatsa, palibe.

Za msonkhano wothokoza, uwauze abwana ako kuti udindo wa wapampando ndatula, makiyi a kaofesi ndapereka. Amayi akafuna kuimba aimbe, pakamwa ndi pawo. Nsalu za nkhope ziwirizo apatse telala wina. Nkhata yawo ya maluwa inali yapulasitiki, mbuzi zinainunkhiza n'kuisiya.

Wailesi ya aphunzitsi ija bambo sanaimalize, ndawabwezera eni ake ili chitsegulire, zomangira zili m'kapepala. Kawailesi kakang'onoko ndamupatsa kondakitala pamodzi ndi kalatayi. Bambo ananena kale kuti kadzakhale kako. Sindinakakhudze, kali pa siteshoni pomwe anakasiya. Uzimverapo abwana ako.

Unati udzabwera kudzakhala sabata yathunthu msonkhano ukatha. Msonkhano unatha. Nyumba ndi ya bambo ako, sindingakutsekere chitseko, ndipo manda alamu ako akakulozera. Ukadzafuna kubwera ungobwera. Usadzatumize mawu akuti uli m'njira.

Mchemwali wako